Chowawa ndi bondo, nanga a mafizo akulimbaniranji ndi m'chiuno?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Balaka, ndipo walemba motere: "Mayi anga ali ndi zaka 64. Bondo lawo lakumanja lakhala likuwasowetsa mtendere kwa zaka zitatu. Akakhala pamkeka, kudzuka kwake ndi nkhondo, ndipo kuchimbudzi sakuthanso kunjuta. Kuchipatala anawajambula n'kunena kuti mafupa adyeka, kenako anawatumiza ku mafizo. Chondidabwitsa n'chakuti tsiku loyamba linatha ndi mafunso ndi kuyeza basi, ndipo wa mafizoyo analimbana kwambiri ndi m'chiuno pamene chowawa ndi bondo. Ulendo wachiwiri anawagoneka chagada, kuwakoka mwendo, kugwedeza bondolo pang'onopang'ono, n'kuwapatsa zoti azikachita kunyumba. Azakhali anga akuti bondo loti madzi ake anatha, kuligwedeza n'kulimaliza. Ya thiransipoti ndikutulutsa ndine. Tipitirize, kapena tingowagulira mankhwala?"

Pitirizani, achemwali. Pa zimene mwafotokozazi sindikuonapo cholakwika, ndipo wa mafizo amene amathera tsiku loyamba akufunsa ndi kuyeza ndi amene ine ndingamutumizire mayi anga ondibereka. Amene ndimamuopa ndi uja woti wodwala akungolowa pakhomo akutsimphina, iye wayatsa kale makina.

Azakhali anu tisawaseke. Mawu akuti "madzi a m'mawondo anatha" ndimawamva pafupifupi sabata iliyonse, ndipo nthawi zina wodwala amakhala atawatola kwa ife achipatala tomwe. Koma madziwo sanathe. Bondo la nyamakazi imeneyi, imene m'mabuku imatchedwa osteoarthritis, kawirikawiri limakhala ndi madzi ambiri kuposa labwinobwino, n'chifukwa chake limatupa. Chimene chimapyapyala ndi chicherewecherewe. Mukamadya nkhuku, kumapeto kwa fupa la ntchafu kuja kumakhala koyera, koterera, kotafunika khirichikhirichi: chimenecho. Chilibe mitsempha ya magazi. Chakudya chake chimachokera m'madzi a m'bondomo, ndipo chimalowa bwino bondo likamapanikizika n'kumasuka, monga siponji yotsukira mbale imamwera madzi mukaifinya n'kuisiya. Ndiye bondo limene tikulisunga ngati dzira, osaligwedeza, ndi limene tikulimana chakudya.

Chinanso chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti chicherewecherewe pachokha sichimva kuwawa. Ululu umachokera ku fupa limene lili pansi pake, ku kathumba kamene kamakuta mfundo yonse, ndi ku minofu yozungulira pamenepo. Kathumbako kamalimba n'kufupika, fupa limamera tinyanga m'mbali, minofu ya ntchafu imafooka chifukwa munthu wayamba kuupewa mwendowo. Zina mwa zimenezi zimabwezeka, zina ayi, ndipo ntchito yonse ya tsiku loyamba lija inali kusiyanitsa ziwirizi. Mayi athuwa si okha: bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ambiri mwa iwo amayi, ndipo bondo ndilo limagwidwa kwambiri.

Tikamafunsa kuti "m'mawa mukadzuka, bondo limakhala louma nthawi yaitali bwanji?" sitikucheza. Nyamakazi ya mtundu uwu imaumitsa bondo kwa kanthawi chabe, munthu akamamaliza kusesa pakhonde lamasuka. Kawirikawiri sizidutsa mphindi 30. Koma ngati dzuwa likukwera munthu adakali gwa, zala za manja onse awiri zili zotupa, ndiye kuti tikuyang'ana nyamakazi ina, ya rheumatoid, imene ili ndi mankhwala akeake kwa dokotala. Bungwe la NICE, limene limalemba ndondomeko za chithandizo ku England, linanena mu 2022 kuti munthu wa zaka 45 kapena kuposerapo, amene mfundo imamuwawa akamaigwiritsa ntchito ndipo kuuma kwa m'mawa sikupitirira mphindi 30, angathe kudziwika kuti ali ndi osteoarthritis ngakhale osamujambula.

Ndiye pali mafunso ena amene wodwala amadabwa nawo kuti akukhudzana bwanji ndi bondo. Mumatuluka thukuta usiku? Mwaonda musakufuna? Munadwalapo TB? Muli pa ma ARV? Munamwapo prednisolone, mapiritsi aja ochepetsa kutupa, kwa nthawi yaitali? Mowa nanga? Kubanja kwanu kuli matenda a sickle cell? Kwathu kuno mafunso amenewa sitingawalumphe. TB sikhala m'mapapo mokha, imalowanso mumsana, m'chiuno ndi m'bondo. Mutu wa fupa la ntchafu umatha kufa magazi akasiya kufikako, ndipo zimenezi zimaonekera kwambiri mwa anthu a HIV, a sickle cell, omwa mowa kwambiri ndi amene amwa mankhwala a mtundu wa prednisolone miyezi yambiri. Bondo lotentha, lotupa mwadzidzidzi, munthu thupi likutentha, limenelo ndi lothamangira nalo kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa mwina muli mafinya. Gogo amene anagwa n'kulephera kuponda akhoza kukhala kuti wathyoka. Munthu amene anadwalapo khansa ndipo ululu sukumulola kugona ngakhale atagona mbali iti, afunika kuunikidwa kaye. Mfundo zoterezi sitizikoka, sitizigwedeza. Choncho wa mafizo asanaike manja pa mayi athuwa amayenera kutsimikiza kuti sali m'gulu limeneli.

Za X-ray ndinenepo pang'ono. Chithunzi chimaonetsa mpata wa pakati pa mafupa ndi tinyanga tija, koma sichionetsa ululu. Ndaonapo agogo a chithunzi choopsa akulima mizere yawo bwinobwino, ndi ena a chithunzi chooneka bwino akulephera kukwera minibasi. Mawu akuti "mafupa adyeka" asawagonetse pamphasa.

Tsopano tibwere ku chimene chakudabwitsani, za m'chiuno. Pamene timayeza si pomangira chitenje paja ayi, koma pa nyung'unyu, pamene mutu wa fupa la ntchafu, wozungulira ngati mpira, umalowa m'kachikho ka fupa la m'chiuno. Mfundo imeneyi ili mkati kwambiri, ndipo ikadwala siwawa kumbali kapena kumbuyo kokha monga ambiri amaganizira. Kawirikawiri imawawa m'mphechepeche, n'kutsika ndi kutsogolo kwa ntchafu mpaka pabondo, chifukwa mitsempha imene imatengera uthenga wa ululu kuchokera pa nyung'unyu ndi yomweyonso imafika pabondo. Ubongo umasokoneza adiresi. Anthu ena amamva bondo lokha.

Sindidzaiwala bambo wina wachikulire amene anabwera bondo lake litazunguliridwa ndi mphini ngati mikanda. Anali atalithowa, kulipaka, kulitemera, zaka ziwiri. Nditalipinda bondolo linapindika lonse, osatupa, osalira. Ndinawafunsa mmene amakwerera njinga, akuti anasiya kuponya mwendo kumbuyo kwa chishalo, amaigoneka kaye njingayo n'kuilumpha. Zikhadabo za kumapazi amawawenga ndi mdzukulu. Nditawagoneka chagada, n'kupinda mwendo, n'kuyesa kupotokolera ntchafu mkati, sinasunthe n'komwe, ndipo anafuula akugwira bondo lomwe lija. Wolakwa anali nyung'unyu, bondo linkangolandira mphini za mlandu wa mnzake.

Kupotokolera ntchafu mkati kumeneku ndiko kumayamba kutayika nyung'unyu ikagwidwa. Munthu wabwinobwino amafika madigiri a m'ma 40. Akatswiri a American College of Rheumatology, bungwe la madokotala a nyamakazi ku America, anaika malire akuti ikalephera kufika madigiri 15, pamodzi ndi ululu wa m'chiuno, chimenecho ndi chizindikiro champhamvu cha nyamakazi ya pa nyung'unyu. Ndipo ngakhale nyung'unyu itapezeka yabwino, timayezabe minofu ya m'mbali mwa thako. Timamuimiritsa munthu ndi mwendo umodzi, ife titaima kumbuyo. Chiuno chikagwera mbali inayo, ndiye kuti minofuyo yafooka, ndipo pa sitepe iliyonse bondo likulandira katundu mopendekeka. Msana nawonso timauyang'ana, chifukwa mtsempha wopanikizika kumunsi kwa msana umatha kuwawitsa kutsogolo kwa ntchafu ndi bondo, makamaka pakakhala dzanzi.

Pabondo penipeni mwina munaona kachipangizo kapulasitiki konga marula awiri olumikizidwa ndi kamsomali. Dzina lake ndi goniometer. Bondo labwino limawongoka mpaka pa 0 ndipo limapindika madigiri pafupifupi 135 kapena kuposa. Kuyenda pamalo osalala kumafuna madigiri pafupifupi 60, kudzuka pampando pafupifupi 90, koma kunjuta pachimbudzi chokumba kumafuna kuposa 130. Mukuona chifukwa chake chimbudzi ndicho chimayamba kuvuta munthu akuyendabe bwino. Ine ndimada nkhawa kwambiri ndi kuwongoka kuposa kupindika. Bondo likatsala ndi madigiri 10 okha kuti liwongoke, minofu ya ntchafu sipuma nthawi yonse imene munthu waima, ndipo pofika masana mwendo watopa ngati wakwera phiri.

Manja a wa mafizo amamveranso mmene mfundo ikuimira ikafika pamapeto. Ikaima ngati lamba wachikopa wokokeka, wololera pang'ono, ndiye kuti chagwira ndi kathumba kaja, ndipo pamenepo tingapindulepo madigiri. Ikaima gu! ngati chitseko chagunda khoma, ndi fupa lakumana ndi fupa, ndipo kukakamiza n'kungomupweteka munthu. Pomaliza timawerenga kuti munthu angadzuke n'kukhala pampando kangati m'masekondi 30 manja atapingasa pachifuwa, ndi nthawi imene akutenga kuyenda mamita 40 mofulumira. Manambala amenewa, achemwali, ndiwo risiti ya ndalama yanu ya thiransipoti. Afunseni a mafizowo akuuzeni, muwalembe kuseri kwa buku la kuchipatala.

Kukoka ndi kugwedeza kuja, kumene achingerezi amati joint mobilisation, si kusisita. Kusisita kumagwira minofu, uku kumagwira mfundo yeniyeniyo. Mafupa awiri akamapindana samangotseguka ngati chitseko, amagudubuzika komanso kutsetsereka pang'ono lina pamwamba pa linzake. Kutsetsereka kumeneku n'kochepa, mamilimita owerengeka, ndipo munthu sangakuchititse yekha mwa kufuna. Kathumba kaja kakalimba, kutsetserekako kumachepa, bondo n'kumaima msanga. Wa mafizo amakubwezera ndi manja.

Zimayenda chonchi. Mayi agona chagada. Wa mafizo agwira pamwamba pa akakolo ndi manja onse awiri, anyamula mwendo pang'ono, autengera kunja pang'ono, ndiye atsamira chammbuyo ndi thupi lake lonse, osati kukoka ndi mikono ngati akuzula chinangwa. Agwira pomwepo masekondi angapo, atayako pang'onopang'ono, abwerezanso. Mutu wa fupa uja umapumako m'kachikho mwake, ndipo odwala ambiri pamenepa amati "eyaa, pomwepo." Nthawi zina timakoleka lamba pamwamba pa ntchafu ya wodwala n'kumuzunguliza m'chiuno mwathu, mwendo wa wodwala uli wopinda, kuti tikokere fupalo kumbali kapena kumunsi manja athu akuliongolera. Pabondo timaika kathaulo kunsi, manja awiri n'kugwira pamwamba pa msongolo, pansi penipeni pa bondo. Tikafuna kuti lizipindika timakankhira msongolo chammbuyo, tikafuna kuti liziwongoka timaukokera kutsogolo, mogwedeza kamodzi kapena kawiri pa sekondi, kwa theka la mphindi kapena mphindi yathunthu, kupuma, kubwereza. Kafupa kozungulira ka pamwamba pa bondo nakonso timakasuntha m'mwamba, m'munsi ndi m'mbali, chifukwa kakamatirira bondo silipindika ngakhale zina zonse zili bwino.

Mphamvu yake ili ndi muyeso. Geoffrey Maitland, katswiri wa mafizo wa ku Australia, anaigawa m'magiredi amene timaphunzira mpaka lero. Giredi 1 ndi 2 ndi kugwedeza kofewa, kosafika pamene mfundo yalimba, ndipo ntchito yake ndi kutonthoza ululu. Giredi 3 ndi 4 zimalowa m'kulimbako kuti zikutambasule. Bondo lotupa ndi lokwiya timayamba nalo ndi zofewazo. N'chifukwa chake munaona akugwedeza pang'onopang'ono ngati akusewera. Palinso njira ya Brian Mulligan wa ku New Zealand, imene wa mafizo amagwira fupa molitsetsereza kumbali kwinaku wodwala akupinda yekha mwendo, ndipo lamulo lake n'lakuti ikamawawa ndiye kuti sinagwidwe bwino, isinthidwe kapena isiyidwe.

Kwa azakhali auzeni izi: munthu akamayenda, pa sitepe iliyonse bondo limasenza kawiri kapena katatu kulemera kwa thupi lake lonse. Manja a wa mafizo, wodwala ali chigonere, safika n'komwe pafupi ndi katundu ameneyo. Ngati ulendo wa kuchigayo sunalimalize bondolo, kugwedeza kwa pabedi sikungalimalize.

Wa mafizo wodziwa ntchito amayeza, kugwira, n'kuyezanso nthawi yomweyo. Mayi adzuke pampando tione, tigwedeze mphindi zisanu, adzukenso. Kwasintha? Ngati inde, tapeza njira. Ngati ayi, tisinthe. Chimene mayi ayenera kumva ndi kukokeka kapena kuwawa pang'ono kopiririka, osati kolasa ngati singano. Kuwawa kwa madzulo a tsikulo kapena m'mawa mwake kumachitika ndipo kumatha kokha. Kulira kwa mfundo, kuja koti thyo, si chizindikiro chakuti fupa labwerera m'malo, chifukwa silinachokepo n'kale.

Pano ndikuuzeni chilungamo chimene ena a ife sitikonda kunena. Kugwedeza sikumeretsa chicherewecherewe chatsopano, sikuchotsa tinyanga ta fupa, sikuwongola miyendo ya matewe. Kumachepetsa ululu, kumamasula minofu imene yadzimanga poteteza mfundo, kumatambasula kathumba kaja. Phindu lake la tsiku limodzi limakhala maola kapena masiku ochepa. Ndipo ofufuza sanagwirizane chimodzi pa za mphamvu yake. Ku Netherlands, kafukufuku wa Hoeksma ndi anzake wa 2004 anagawa anthu 109 a nyamakazi ya pa nyung'unyu m'magulu awiri, ndipo patatha masabata asanu, 81 pa 100 alionse a gulu logwiridwa ndi manja anati apezako bwino, poyerekeza ndi 50 pa 100 a gulu lolimbitsa thupi lokha. Ku Texas, Gail Deyle ndi anzake anatsatira anthu 83 a nyamakazi ya bondo n'kufalitsa zotsatira mu 2000: chitatha chaka, 5 pa 100 a amene analandira manja pamodzi ndi zolimbitsa thupi anali atachitidwa opaleshoni yoika bondo lochita kupanga, pamene m'gulu lopatsidwa chithandizo chongoyerekeza anali 20 pa 100. Koma ku Melbourne mu 2014, Kim Bennell ndi anzake anayesa anthu 102 a nyung'unyu, ena kuwapatsa mafizo enieni, ena makina osayatsidwa ndi mafuta opanda mankhwala, ndipo magulu onse awiri anapezako bwino mofanana. Zimenezi zinatichititsa manyazi pang'ono, ndipo n'zabwino kuti zinatero.

N'chifukwa chake a NICE aja amati chithandizo cha manja chiganiziridwe pa nyung'unyu ndi bondo pokha, ndipo chiziyendera limodzi ndi zolimbitsa thupi, osati pachokha. Makina ogwedeza ndi magetsi, a ultrasound ndi a laser, iwo anati asamaperekedwe pa matendawa chifukwa umboni wake ndi wosakwanira. Ine ndikugwirizana nazo. Manja a wa mafizo amalambula njira. Njira yolambula ikapanda kupondedwa, mvula imodzi yokha udzu wabwerera. Kapepala kaja anapatsidwa mayi koti azikachita kunyumba ndiko mankhwala enieni, kugwedezako kukungowathandiza kuti athe kukatsatira.

Sindinawaone mayi athuwa, choncho tsatirani zimene anapatsidwa, koma zambiri zimakhala izi. Atagona chagada, chitenje chopinda chili kunsi kwa bondo, akanikizire bondolo pansi mpaka ntchafu ilimbe, awerenge mpaka 10, amasule, kakhumi. Atakhala pampando, aike chidendene pa mpando wina bondo lili m'malere, alisiye liwongoke lokha mphindi zingapo. Akoleke chitenje kuphazi n'kumakokera chidendene kuthako. Atagona chagada mawondo ali opinda, anyamule matako. Atagona chammbali, anyamule mwendo wapamwamba osagubuduzikira kumbuyo. Ndipo yoposa zonse, kudzuka ndi kukhala pampando pang'onopang'ono, osadzigwetsa pokhala. Mpando ukhale wautali poyamba, ngakhale kuikapo pilo, n'kumautsitsa m'kupita kwa masabata. Kuyenda kwa tsiku ndi tsiku kusasiyidwe, bola kugawa: maulendo atatu aafupi aposa umodzi wautali umene ungawagoneke mawa lake. Amene amatha njinga, ndi yabwino kwambiri pa bondo, chishalo chikakwezedwa.

Funso limene adzafunse ndi lakuti, "nanga zikamawawa?" Muyeso wake ndi uwu. Ululu tiuike pa sikelo ya 0 mpaka 10. Ukakhala pa 5 kapena kutsika, ndipo m'mawa mwake wabwerera pamene unali, apitirize. Ukapitirira, kapena bondo likadzuka lotupa kuposa dzulo, achepetse kuchuluka kwake koma asaleke. Masabata awiri oyamba ululu umatha kukwerako pang'ono, ndipo ambiri amasiyira pomwepa n'kumati mafizo awaonjezera matenda. Mphamvu ya minofu imayamba kuoneka pakati pa masabata 6 ndi 12, ndipo akasiya imabwerera pansi.

Pakhomo pali zinthu zing'onozing'ono zimene zingawathandize mawa lomwe. Kalipentala aliyense angathe kubowola pakati pa mpando wathabwa kuti uziikidwa pachimbudzi, ndipo mtengo wolimba wozikidwa pambali ukhale chogwirira. Pophika ndi posankha nyemba akhale pa mpando, osati pamkeka. Ndodo aigwire kudzanja lamanzere, poti bondo lodwala ndi lakumanja, ndipo ndodoyo izipita patsogolo pamodzi ndi mwendo wodwalawo. Ambiri amaigwirira mbali yolakwika. Kutalika kwake ifike pamfundo ya dzanja, povalira wotchi, munthu ataima mikono ili lende. Pokwera khonde atsogoze mwendo wabwino, potsika atsogoze wodwala. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20 pamutu, imeneyo adzukulu ailandire. Ngati mayi ali ndi thupi, kafukufuku wa Stephen Messier wa 2005 anapeza kuti kilogalamu imodzi imene munthu wataya imachotsa pafupifupi makilogalamu anayi pa katundu wa bondo pa sitepe iliyonse. Ndikudziwa kuti kwathu kuno munthu wamkulu akayamba kuonda anthu amayamba manong'onong'o, koma kuchepetsa mtanda umodzi ndi shuga wa mu tiyi si matenda.

Mwafunsa za kungowagulira mankhwala. Samalani ndi indosidi, bulufeni ndi diclofenac za m'magolosale. Zimaziziritsa ululu, koma kumwa tsiku ndi tsiku pa zaka 64 kumabweretsa zilonda za m'mimba, kumawononga impso ndi kukweza BP. Pa bondo, diclofenac wopaka ndiye woyamba kumuyesa, ndipo za mapiritsi akambirane ndi dokotala amene akudziwa BP ndi shuga wawo. Jakisoni wa m'bondo amathandiza kwa masabata owerengeka. Deyle yemwe uja mu 2020 anayerekeza jakisoniyo ndi mafizo mwa anthu 156, ndipo chitatha chaka a mafizo ndiwo anali bwinoko pa ululu ndi kayendedwe. Kuthowa ndi madzi ofunda n'kwabwino asanayambe zolimbitsa thupi, koma ngati ali ndi matenda a shuga madziwo ayezedwe ndi munthu wina, chifukwa khungu la dzanzi limapsa mwini wake osamva. Msuzi wa mang'ina amwe poti ndi wokoma, koma sukafika m'bondo.

Chimodzi ndikuletseni: musakayese kukoka mwendo wa mayi kunyumba chifukwa munaonerera, ndipo musawapereke kwa aliyense wolonjeza kubwezeretsa fupa m'malo mwa kulithyola kamodzi. Mafupa a mayi wa msinkhu uwu amatha kukhala ofewa mkati osaonekera. Wogwira ntchitoyi akhale wophunzira ndi wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, kaya ndi physiotherapist, monga amene amaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences, kaya ndi rehabilitation technician amene mumawapeza m'zipatala zambiri za maboma.

Za thiransipoti, simukuyenera kulipira mpaka kalekale. M'kafukufuku uja wa ku Netherlands odwala anapita maulendo 9 m'masabata asanu, wa ku Texas maulendo 8 m'masabata anayi. Kwa munthu wochokera kutali ine ndimakonda maulendo oyandikana poyamba, kenako kutalikitsa, kamodzi pa masabata awiri, kamodzi pamwezi, ntchito yambiri ikuchitikira kunyumba. Auzeni a mafizowo mosabisa kuti thumba lanu lingakwanitse maulendo angati, apange dongosolo loyenerana nalo. Pakatha maulendo anayi mpaka asanu ndi limodzi manambala aja osasuntha, mayi akuchitadi za kunyumba, funsani kuti njira isinthe kapena awaunikenso. Ngati patapita miyezi ululu ukuwadzutsabe usiku ndipo akulephera ngakhale kuzungulira nyumba, apemphe kalata yokaonana ndi a mafupa kuti akambirane za opaleshoni yoika mfundo yochita kupanga. Ngakhale zitafika pamenepo, minofu imene akulimbitsa panoyi ndi imene idzawadzutse pabedi msanga.

Ulendo wotsatira, ngati ya minibasi ingakwane, atengeni azakhaliwo akaone ndi maso awo. Wa mafizo awawerengere mayi kudzuka pampando asanawagwire, awagwedeze, awawerengerenso azakhali ali pomwepo. Ndipo muwafunse a mafizowo kuti pa nyung'unyu paja anapezapo madigiri angati.